Kukoka Mikisa, Bauza ndi Ngolo ya Zomangira Popanda Ngozi

Phunziro la makina a pamunda

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, nshawa ndi thonje zikagulitsidwa, alimi ambiri amatembenukira ku zomanga. Kuyambira mu Juni kufikira mu Okutobala, mvula isanagwe, wina amamanga khola la nkhumba, wina nyumba ya nkhuku, wina mosungira mbewu, ndipo magulu a alimi amasonkherana kuti amange dipi kapena kamlatho pa dambo. Nchito zimenezi zimafuna makina amene mlimi mmodzi sakhala nawo: mikisa yosakanizira konkiriti, makina oumbira mabuloko, makina otsendera dothi, jenereta ndi bauza ya madzi. Timabwereka kapena kuhaya ku tauni, ndipo makinawo amafika pamunda atakokedwa kumbuyo kwa vaneti kapena thirakita.

Asananyamuke, anthu amakonda kufunsana kuti, "Kodi galimotoyi ikoka?" Kawirikawiri imakokadi, pakuti pamalo osalala ngakhale amuna anayi amasuntha ngolo ya tani imodzi ndi manja. Funso limene tikufuna kuti wophunzira aliyense azifunsa ndi lina: kodi galimotoyi idzatha kuimitsa katunduyu ndi kumuwongolera pamtsetse, pokhota, ndiponso pamene mwana wathamangira mumsewu? Zonse za m'phunziroli zacokera pa funso limeneli.

Werengani kulemera musanapakire

Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera kumene ingakoke, ndipo malirewo ali pawiri: a ngolo yopanda mabuleki ndi a ngolo ya mabuleki. Manambala ake amalembedwa m'buku la galimoto. Citsulo cokokera cimakhalanso ndi nambala yake, ndipo ngolo yopangidwa ku fakitale ili ndi yake pa mkono wokokera. Pa manambala atatuwa, tsatirani yocepa koposa. Galimoto ingaloledwe kukoka matani awiri, koma ngati citsulo cokokera cinalembedwa tani imodzi, malire anu ndi tani imodzi.

Pa ngolo yopanda mabuleki, nambala yoti muisunge pamtima ndi makilogalamu 750, kuphatikiza ngolo ndi katundu wake yense. Awa ndiwo malire amene opanga mavaneti ambiri amaika. Galimoto ikakhala yaing'ono malirewo amatsika: ngolo yopanda mabuleki isapose theka la kulemera kwa galimoto yopanda katundu.

Cifukwa cake ndi ici. Tiyerekeze vaneti ya makilogalamu 2,000. Mukaikokera ngolo ya makilogalamu 1,000 yopanda mabuleki, matayala anayi omwewo ayenera kuimitsa makilogalamu 3,000. Mtunda woimira umatalika ndi theka, kotero kuti pamene mukanaima pa mamita 30 mudzaima pa mamita 45. M'mamita 15 owonjezerawo ndimo mumakhala ng'ombe yodutsa msewu kapena minibasi yotsitsa anthu.

Zomangira zimanyenga maso, cifukwa zimalemera kwambiri pamene zikuoneka zocepa. Lowezani izi:

- Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndipo matumba 20 ndi tani imodzi.
- Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Bauza ya malita 1,000 imanyamula tani imodzi ya madzi, osawerengera thanki ndi mawilo.
- Mcenga wouma wodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu umalemera pafupifupi makilogalamu 1,500. Wonyowa wa kumtsinje umaposa pamenepa.
- Konkiriti yodzaza bokosi lomwelo imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400.

Tsopano tiyese masamu. Ngolo yopanda kanthu ikhale makilogalamu 300, ndipo mikisa ikhale 250. Pamodzi ndi 550, ndipo mukali m'malire. Mwini nchito akuti muwonjezere matumba 6 a simenti kuti ulendo ukhale umodzi: 300 ena, tafika 850. Pamwamba pake diramu ya malita 210 yodzaza madzi, pafupifupi 230: tafika 1,080. Ngoloyo ikali ndi malo, koma malire munawapitirira pa thumba lacisanu la simenti. Momwemonso kangolo ka mamita 2 m'litali, 1.2 m'lifupi ndi 0.4 kuya, kakadzaza mcenga mpaka pakamwa, kamanyamula pafupifupi tani imodzi ndi theka.

Ngolo zambiri za m'midzi mwathu zinawocheredwa ndi amisiri a pamsika pa ekiselo ya galimoto yakale, ndipo zilibe nambala iliyonse. Yotere kaipimitseni yopanda kanthu pa sikelo yaikulu yopimira magalimoto, monga imene imapezeka pa madepoti ena a mbewu ndi thonje, ndipo lembani kulemera kwake ndi penti pa mkono. Pohaya makina funsaninso mwini wake kulemera kwa makinawo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Makina ena sanapangidwire msewu

Mikisa kukhala ndi mawilo si umboni wakuti ingakokedwe pa tala. Mamikisa ambiri ang'onoang'ono ali ndi mawilo ongosunthira kucoka pa maziko awa kupita pa ena. Mudzawazindikira motere: mawilo ndi aang'ono kapena a mphira wolimba wopanda mpweya, palibe masipuling'i, palibe nyali, ndipo mawilo ayandikana pamene mgolo wosakanizira uli pamwamba. Kulemera kukakhala pamwamba, miyendo ili pafupi, kabampu kamodzi kokha kamagudubuza makina. Mawilo otere amatenthanso msanga cifukwa sanapangidwire kuzungulira mofulumira. Makina amenewa akwezedwe pa ngolo kapena pa lole, osati kukokedwa.

Tayala lenilenilo limanena liwiro lake. M'mbali mwake, pambuyo pa manambala a kukula, pali cizindikiro ca liwiro. A6 ndi makilomita 30 pa ola, A8 ndi 40, L ndi 120, ndipo N ndi 140. Matayala ambiri a zipangizo za pamunda ali m'gulu la A6 ndi A8. Tayala lotere likathamangitsidwa pa 80 limatentha m'kati mpaka kuphulika. Palinso manambala anayi osonyeza pamene linapangidwa: 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya caka ca 2019. Matayala a ngolo amakalamba ataima padzuwa. Mapanga ake amakhala akali akuya, koma m'mbali muli ming'alu. La ming'alu lisinthidwe, ndipo mpweya upimidwe matayala ali ozizira, pamodzi ndi la sipeya.

Mikisa yopangidwira msewu nayonso imafuna kukonzekera. Mgolo ukhale wopanda kanthu, wotsukidwa, ndi wokhomedwa kuti usatembenuke. Injini izimitsidwe, mpopi wa mafuta utsekedwe, miyendo yoimikira ikwezedwe ndi kutsekeredwa ndi mapini ake.

Polumikizira

Pamene ngolo yakumana ndi galimoto pali kacitsulo kosaposa nkhonya, ndipo katundu yense amadalira pomwepo. Zolumikizira zili mitundu iwiri: mpira wacitsulo umene amakanika amaucha tow ball, umene umavalidwa cisoti ca pa mkono wa ngolo, ndi pini yolowa m'bowo la mkonowo.

Mpira wa masiku onse kuno kwathu ndi wa mamilimita 50. Koma zitsulo zina zocokera ku America zimadza ndi miyeso ya mainchi, imene ndi mamilimita 47.6 ndi 50.8. Ndi maso zonse zimaoneka zofanana. Cisoti ca 50 cimalowa mosavuta pa mpira wa 47.6, ndipo cimavukanso mosavuta pa bampu. Muyeso umadindidwa pa mpira ndi pa cisoti, conco werengani zonse ziwiri. Mukatseka cogwirira ca cisoti, yesani motere: tsitsani kawilo koimikira ngolo ndi kupukusa ngati mukukweza mkono. Ngati cisoti cagwira, kumbuyo kwa galimoto kudzakwera pang'ono pamodzi ndi mkonowo. Mukatero kwezani kawiloko mpaka pamwamba ndi kukamanga.

Pini yoyenera ndi yacitsulo colimbitsidwa, yodzaza bwino m'bowo, yokhala ndi kapini kotsekera kunsi. Bauti wamba kapena cidutswa ca Y12 cotsala pa maziko si pini. Zimapindika, zimadyeka, ndipo popeza zilibe cotsekera zimakwera pang'onopang'ono pa mabampu mpaka kutulukiratu. Citsulo cokokera cikhale comangidwa ndi mabauti ku chasisi ya galimoto. Mpira wongowocherera pa bampa umazuka pamodzi ndi bampayo.

Maunyolo acitetezo akhale awiri, opingasana pansi pa mkono wa ngolo monga cilembo X. Cisoti cikavuka, mkono umagwera pa maunyolowo m'malo molasa pansi ndi kugudubuza ngolo. Akolekedwe pa mabowo a citsulo cokokera kapena pa chasisi, osati pa mpira, pakuti mpira ukathyoka unyolo umapita nawo. Akhale olendewera mokwanira kuti mukhote, koma asakhudze pansi. Unyolo wokwekwereka pa tala umadyeka, ndipo m'cilimwe zothetheka zake zimayatsa udzu wa m'mbali mwa msewu.

Ngolo zambiri za mabuleki zimagwira zokha. Galimoto ikacepetsa liwiro, ngolo imakankha cisoti, cisoti cimalowa m'kati pang'ono ndi kukoka mabuleki a ngolo. Ngolo zotere zimakhala ndi kawaya kokolekedwa pa galimoto, kuti ngolo ikaduka kawayako kakoke buleki yamanja. Zakale zina zili ndi kacitsulo kotseka mabuleki pobwerera m'mbuyo. Mukaiwala kukatsegula, mudzayenda ulendo wonse ndi ngolo yopanda mabuleki.

Galimoto ikatitimira m'dambo, musakoleke cingwe cozulira pa mpira. Mpira sunapangidwire kugwedezedwa mwamphamvu cotero. Ukathyoka, cingwe cimauponya monga mwala wa legeni, ndipo umapyola galasi la galimoto ndi kupha munthu.

Kupakira ndi kumanga

Aliyense amene anapakirapo matumba pa ngolo ya ng'ombe amadziwa kale phunziro la gawo lino. Katundu akaculuka kumbuyo, mtengo wokokera umakwera, goli limanyamuka, ndipo zingwe za pakhosi zimatsamwitsa ng'ombe. Akaculuka kutsogolo, goli limakanikiza makosi mpaka ng'ombe kugwada. Ngolo ya galimoto ili cimodzimodzi. Katundu wa kumbuyo amanyamula matayala akumbuyo a galimoto kuti asagwire bwino msewu, ndipo liwiro likakwera ngolo imayamba kupukusa mcira. Katundu wopanikizana kutsogolo amakhazika galimoto pansi kumbuyo ndi kuipepuza kutsogolo, kotero kuti ciwongolero ndi mabuleki akutsogolo zimafooka.

Ikani zolemera pansi, pakati, pamwamba pa ekiselo ndi patsogolo pake pang'ono, kuti magawo 6 mwa 10 a katundu akhale kutsogolo kwa ekiselo. Kulemera kotsamira pa mpira kukhale magawo 7 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwa ngolo yonse, koma kusapose nambala yolembedwa pa citsulo cokokera. Pa ngolo ya makilogalamu 700, ndiye kuti 50 mpaka 70, monga thumba limodzi la simenti kapena kuposerapo pang'ono. Kupima kwake n'kosavuta. Chingani mawilo a ngolo, ikani sikelo ya cimanga pansi pa cisoti, ndipo imikanipo kamtengo kofika msinkhu wa mpira kuti cisoti citsamire pa kamtengoko. Sunthani katundu kufikira sikelo itasonyeza nambala yoyenera. Ngati munthu akunyamula mkono wa ngolo yodzaza ndi dzanja limodzi, ngoloyo yapakiridwa molakwa.

Pokweza makina, ngolo ikhale yolumikizidwa kale ku galimoto, pamalo osalala, buleki yamanja yokoka, mawilo ochinga. Ngolo yosalumikiza imanyamuka kutsogolo makina akangoponda kumbuyo kwake. Matabwa okwezerapo akhale ocindikala ndi omangidwa kuti asaterereke, ndipo pasakhale munthu kumunsi kwa makina pamene akukwera kapena kutsika.

Makina amangidwe pa ngodya zonse zinayi ndi malamba okunga kapena maunyolo, alionse akukokera pansi ndi kunja. Mangani pa cimango ca makina, osati pa zogwirira kapena mapaipi a mafuta. Malegeni ndi omangira nkhuni pa njinga. Amatanuka, ndipo sangagwire mikisa. Ena amati makina olemera sasuntha. Pa buleki yadzidzidzi ngolo imaima, koma makina osamanga amapitiriza ulendo kulowera kumene kwakhala woyendetsa. Mafosholo, mawilibala ndi mapiki zimangidwenso, ndipo zitsulo kapena matabwa otulukira kumbuyo aikidwe nsalu yofiira kunsonga.

Madzi ali ndi khalidwe laolao. Bauza yodzaza theka ndi yoopsa kuposa yodzaza bwino, cifukwa madzi ali ndi malo othamangira. Mukagwira buleki amathamangira kutsogolo ndi kukankha galimoto, ndipo pokhota amakwera mbali imodzi ndi kupendeketsa bauza. Mathanki abwino ali ndi zipupa m'kati zodula mafundewa, koma thanki yapulasitiki yongoika pa ngolo ilibe. Yendani ndi bauza yodzaza kapena yopanda kanthu. Ngati yodzaza yapitirira malire a galimoto, pezani thanki yocepa ndipo yendani maulendo awiri.

Pamsewu

Pa makilomita 60 pa ola, galimoto imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse, ndipo sekondi imatha phazi lisanafike pa buleki. Komanso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wogwirira buleki umawirikiza kanayi. N'cifukwa cake pano timaphunzitsa kuti wokoka makina asapitirire 60 pa tala, ndi 30 kapena 40 pa msewu wa giravulo, pokhapokha ngati tayala kapena buku la makina lalamula liwiro locepa kuposa apa. Pakati pa inu ndi galimoto ya patsogolo pakhale masekondi anayi kapena kuposa. Ikadutsa mtengo wina, werengani mpaka folo musanafike pa mtengowo.

Mukayenda makilomita 5 kapena 10 oyamba, imani pamalo abwino. Malamba amakhala atalefuka cifukwa katundu wakhazikika, conco kunganinso. Yang'anani cisoti, pini, maunyolo ndi manati a mawilo. Yandikizani dzanja pakati pa wilo lililonse la ngolo. Kufunda pang'ono n'kwabwino, koma ngati pakutentha kosagwirika, mabering'i alibe girizi kapena buleki yakakamira, ndipo wilolo lingazuke. Citaninso zimenezi paliponse pamene mwaima.

Mitsetse ndiyo imaulula colakwa ciliconse. Amene amatenga makina ku Lusaka kudzera mu Great East Road amadziwa mapiri a pakati pa Rufunsa ndi Nyimba, kumene msewu umatsikira ku mlatho wa Luangwa mokhotakhota. Lowani giya yotsika musanayambe kutsika, giya yomwe mukanakwerera citunda comweco, kuti injini izigwira galimoto. Buleki igwireni mwamphamvu pang'ono kwa kanthawi, kenako muisiye izizire. Phazi likakhala pa buleki mtsetse wonse, mabuleki amatentha mpaka kuleka kugwira. Mukamva fungo lopserera kapena buleki ikayamba kufewa, imani pamalo oyamba abwino ndi kudikira. Musacotse giya kapena kuponda kilachi kuti musunge mafuta. Dizilo imene mungapulumutse sikwana kugula ngakhale nyali imodzi ya galimoto.

Ngolo ikayamba kupukusa mcira, thupi limafuna kuponda buleki ndi kulimbana ndi ciwongolero. Zonse ziwiri zimakulitsa vuto. Gwirani ciwongolero molunjika ndi manja awiri, cotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, ndipo lolani liwiro litsike lokha. Musawonjezere moto poganiza kuti ngolo iwongoka. Ikakhazikika, imani ndi kusunthira katundu kutsogolo, pakuti imene yapukusa kamodzi idzapukusanso. Cenjeraninso lole yaikulu kapena basi ikamakupitirirani, cifukwa mphepo yake imakankha ngolo.

Pokhota, mawilo a ngolo amadutsa m'kati kuposa a galimoto. Popeza timayenda kumanzere, pokhotera kumanzere ngolo imayandikira ngalande ndi anthu a m'mbali mwa msewu. M'tauni ngati Chipata, mmene njinga zonyamula anthu zili paliponse, yang'anani galasi lakumanzere musanakhote, ndipo khotani motakasuka. Pobwerera m'mbuyo, gwirani ciwongolero kunsi kwake ndi kusunthira dzanja kumbali imene mukufuna kuti ngolo ipite. Ngolo yaifupi monga mikisa imapindika msanga, conco yendani pang'onopang'ono, ndipo ikapindika pitani kutsogolo muyambirenso. Wokulozerani aime pambali pamene mukumuona pagalasi. Akasowa pagalasi, imani.

Munthu asakwere pa ngolo, pa bauza, pa makina kapena pa mkono wokokera, ngakhale ulendo utakhala wocoka pa msika kufika pamudzi. Tikudziwa kuti kukana mnansi kapena mmisiri amene akukagwira nchito yanu yomwe n'kovuta. Koma wogwa pa mkono wa ngolo amagwera patsogolo penipeni pa mawilo ake, ndipo woyendetsa samuona.

Pokoka ndi thirakita

Thirakita ili ndi mphamvu zambiri zokokera, koma zambiri za kuno mabuleki ake ali pa mawilo akumbuyo okha. Mabuku a opanga mathirakita ambiri amalangiza kuti katundu wopanda mabuleki asapose kulemera kwa thirakita kamodzi ndi theka, ndipo liwiro lisapitirire makilomita 32 pa ola. Thirakita ya makilogalamu 2,500 malire ake ndi 3,750. Bauza ya malita 5,000 yapitirira kale ndi madzi okha, ndipo pamtsetse idzakankha thirakita mpaka kuipinda cammbali.

Kokerani pa citsulo cokokera ca pansi cokha, cimene ciri kunsi kwa ekiselo yakumbuyo. Musamange unyolo pa ekiselo, pa mpando kapena pa bowo lapamwamba lolumikizira pulawo. Katundu wokolekedwa pamwamba akakana kusuntha, mawilo akumbuyo amaima, ndipo thirakita imazungulira pa ekiselo yake, kutsogolo n'kunyamuka. Pasanathe sekondi imodzi imakhala itafika posabwerera, ndipo pa sekondi ndi theka imakhala itagwera cagada pa woyendetsa. Palibe phazi limene lingafike pa kilachi m'nthawi yotere.

Musanalowe mumsewu, lumikizani zopondera mabuleki ziwirizo ndi kacitsulo kake. M'munda timaponda imodzi kuti tikhote msanga, koma kuponda imodzi pa liwiro la pamsewu kumatembenuza thirakita. Ngati thirakita ili ndi cimango coteteza woyendetsa ikagudubuka, cikhale coimirira, ndipo mangani lamba. Mpando ndi umodzi, wokwera ndi mmodzi. Polumikiza ngolo, wothandiza asaime pakati pa thirakita ndi ngolo pamene thirakita ikubwerera. Alowepo itaima, giya yocotsa, buleki yokoka.

Lamulo, mdima ndi kuwonongeka panjira

Za pamsewu m'dziko lathu zimayang'aniridwa ndi RTSA pansi pa lamulo la Road Traffic Act la 2002. Ngolo yoyenda pa msewu wa boma iyenera kulembetsedwa ndi kukhala ndi nambala yake. Laisensi ya gulu B imalola kukoka ngolo yopepuka yosaposa makilogalamu 750, ndipo yolemera kuposa apo imafuna laisensi yokhala ndi cilembo E. Yang'anani laisensi yanu musanavomere ulendo.

Nyali za ngolo ziyesedwe ndi anthu awiri, wina akuponda buleki ndi kuyatsa zolozera, wina akuyang'ana kumbuyo. Zonyezimira zofiira za kumbuyo zipukutidwe fumbi ndi simenti. Konzani ulendo kuti mufike dzuwa lisanalowe. Mikisa yopanda nyali usiku saiona wodzera kumbuyo kufikira ataigunda.

Mukawonongekera panjira, cotsani galimoto ndi ngolo mumsewu momwe mungathere, chingani mawilo, ndipo ikani matirayango awiri, imodzi kutsogolo ina kumbuyo, patali pokwanira kuti wobwera aone msanga, makamaka pokhota ndi pamwamba pa citunda. Nthambi za mitengo zimene timakonda kuyala mumsewu siziwala usiku. Ngati mwaziika powonjezera, zicotseni pocoka, pamodzi ndi miyala imene munachingira mawilo.

Pofika

Ngozi zina zimacitika ulendo utatha, anthu atatopa. Sankhani malo osalala. Chingani mawilo a ngolo kutsogolo ndi kumbuyo musanatsegule cisoti, pakuti ngolo ya tani imodzi ikayamba kuyenda pakamtsetse, manja sangaigwire. Tsitsani makina ngolo ikali yolumikizidwa. Pomasula, tsitsani kawilo koimikira pa thabwa, cotsani waya wa magetsi, tsegulani cisoti, ndipo maunyolo akhale omaliza kucotsedwa. Mapazi akhale kutali ndi pansi pa mkono wa ngolo, ndipo ana aonerere ali patali.

Mafunso obwereza

1. Ngolo yopanda mabuleki imalemera makilogalamu 280, ndipo makina oumbira mabuloko amalemera 320. Mungawonjezere matumba angati a simenti osapitirira 750?
2. Ngolo yodzaza ikulemera makilogalamu 600. Sikelo ya pansi pa cisoti iyenera kusonyeza pakati pa makilogalamu angati?
3. Chulani zizindikiro zitatu za mikisa imene siyenera kukokedwa pa tala.
4. N'cifukwa ciani maunyolo acitetezo amapingasana, ndipo n'cifukwa ciani sakolekedwa pa mpira?
5. Thirakita ikulemera makilogalamu 2,400, ndipo bauza yopanda mabuleki imalemera 600 ikakhala yopanda kanthu. Mungathiremo malita angati a madzi? Ngati thanki yake ndi ya malita 4,000, mudzacita ciani?

Ophunzira a caka cino abweretse mayankho m'kalasi ya makina, ndipo tidzapima pamodzi ngolo ya pasukulu pano ndi sikelo ya cimanga. Inu amene munatsiriza kale maphunziro, yankhani mafunsowa pamodzi ndi amene amakuyendetserani galimoto kapena thirakita, ndipo mlungu uno pimani ngolo ya gulu lanu ndi kulemba kulemera kwake pa mkono, nyengo yomanga isanafike pacimake.